Laputopu Imene Amayi Ako Anasiya Yoyaka

Zione mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi masana ano, iwe uli ku Muloza kokatsazika azakhali ako. Sutikesi yako yaima kale pakhomo. Patebulo pano pali laputopu ya amayi ako, yotseka, kanyali kake kakuphethira pang'onopang'ono. Potuluka paja wandiuza kuti, "Ababa, magetsi akathima mundiimbire." Sunati ndidye, sunati ndimwe mankhwala a mawondo, wandiuza za magetsi basi. N'chifukwa chake ndatenga cholembera.

Za anyamata, za mowa ndi za kupemphera akuuza azakhali ako lero mpaka makutu akuwawe, ndipo nkhani zimenezo amazitha kuposa ine. Yanga ndi imodzi yokha. Ndalephera kukuuza pamaso chifukwa ndikangoiyamba umadzuka kukatsuka mbale zotsukatsuka. Ndiye werenga, pakuti pepala sungalithawire kukhitchini. Laputopu iyi iyenera kuzimitsidwa ndi kuyatsidwanso usanapite nayo kukoleji ku Mzuzu, ndipo wochita zimenezo ukhale iweyo, ndi chala chako.

Ndikudziwa chifukwa chake sukufuna. Usaganize kuti poti ndinakulira kusenza zikwama za alendo kuchokera pa Likhubula kukwera phiri ndiye kuti m'nyumba mwanga sindiona. Kuyambira tsiku limene amayi ako anadandaula mutu, n'kutseka chivindikiro chake akunena kuti amaliza mawa, laputopuyi sinazimepo. Iwo kuchipatala sanabwereko, koma zimene anasiya zili chitsegukire. Pali khadi la chinkhoswe limene ankatayipira mwana wa a Namoyo oyandikana nafe, lolekezera pakati pa liwu, kamzere kakuda kakudikirabe pamene chala chawo chinaima. Pali nyimbo ya kwaya imene anaiimitsa isanathe. Ukaitsegula imadzuka osafunsa kanthu, koma ikazima n'kuyakanso idzafuna pasiwedi, ndipo pasiwediyo anapita nayo eni ake. Ine sindiidziwa. Ndinawafunsapo kale mocheza, iwo n'kundiyankha kuti, "Inu bambo a Zione, makiyi a nyumba mumataya sabata ndi sabata, ndiye ndikupatseninso a kompyuta? Iyayi, mundikhululukire."

Ndinakuona nthawi ya mvula yamkuntho ija, mapolo a magetsi atagwa mbali yathu yonse. Unaikulunga m'mapepala a pulasitiki, n'kuiika pamutu, kuyenda wapansi m'matope mpaka pa Chitakale kukapempha pobaya chaja kwa ometa tsitsi amene ali ndi jenereta. Ndinakutsatira chapatali, iwe sunandione. Ukwati wa msuweni wako sunapiteko chifukwa kumudzi kumeneko kulibe magetsi. Sindinakuletse nthawi yonseyi poganiza kuti aliyense amalira mwake. Koma mawa ukupita kumene ine sindingakutsatire chapatali.

Ndiyambe ndi kompyuta yathu yoyamba, imene iwe sunaidziwe bwino. Inali chibokosi choyera chachikulu, chogwiritsidwapo kale ntchito, chimene amayi ako anakachipeza ku Limbe. Ndinachisenza ndine kuchokera pasiteji mpaka mu kashopu kathu, anthu ogulitsa nanazi akufunsa ngati ndi wailesi yakanema. Kashopu kaja kankanunkha inki ndi nanazi wa amayi ogulitsa pakhonde, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la pepala lotentha lotuluka m'makina mtima umandibwerera kumeneko. Amayi ako ankatayipa osayang'ana zala, akucheza ndi kasitomala, akundikalipira ine, zonse nthawi imodzi. Ine ndinkawathandiza m'dzinja, alendo okwera phiri akasowa.

Atapita kuchipatala kuti akubereke iwe, shopu inatsala m'manja mwanga. Ine mutu wanga unali wa malole akale a kuesiteti ya tiyi, aja oyendetsa sankazimitsa injini poopa kukankha. Ndinati chinthu chikayaka usachipute. Ndiye sindinaizimitse masiku onsewo, usana ndi usiku ikungolira, pakuti nthawi imeneyo magetsi a pa Chitakale ankatha kukhala masiku osathima. Inayamba kuchedwa. Ukadina chilembo, umatha kukagula chimanga chootcha n'kubwera chisanaoneke. Ine ndinkaimenya m'mbali ngati wailesi, makasitomala akuseka. Amayi ako atabwera, iwe uli kumsana, anangoyang'ana kamodzi, kuseva zonse, kutseka chimodzichimodzi, n'kudina risitati. Itayakanso inathamanga ngati yatsopano. Ndinafunsa ngati zinthu za anthu sizinatayike. Anati, "Kodi inu si Alomwe? Kalongonda mukaphika mumataya chiyani, nyemba kapena madzi? Madzi amene awira kwa nthawi yaitali ndi amene amaledzeretsa. Mumataya, n'kuthira ena, nyemba zili momwemo." Kuyambira tsiku limenelo ndinamva. Chimene waseva chimakhala, chimene chimapita ndi zinyalala zimene makina adziunjikira pogwira ntchito.

Taiona laputopuyi tsopano, Zione. Ukaitsegula imatenga nthawi kuti ikumbuke kuti ndi ndani. Pansi pake pamatentha, kokupizira mphepo kake kamalira ngati kakudandaula. Iwe umati yakalamba. Sinakalambe kwenikweni, yatopa. Kutseka chivindikiro si kuzimitsa, ndi kungoigoneka ndi katundu yense ali pamutu. Ngakhale kudina pozimitsa wamba, amayi ako ankati makina a masiku ano amabisako zina kuti adzayake msanga. Chimene chimatsuka zonse ndi risitati. Ku Mzuzu uko uzichita zimenezi kamodzi pa sabata, mwina Lamulungu m'mawa pamene ukusita zovala za kutchalitchi, ndiponso nthawi iliyonse imene yayamba kukoka miyendo. Usadikire kuti iume kaye.

Koma pali kuzimitsa ndi kuzimitsa, ndipo ichi ndinachiphunzira ndi chiphaliwali. Ukudziwa mmene timachitira kuno mitambo ikaunjikana pamwamba pa phiri. Timazula wailesi, timaphimba galasi, timachotsa ana pansi pa mtengo. Tsiku lina, iwe uli sitandade yoyambirira, kunagunda bingu loti mabotolo a pashelefu analira. Kompyuta inali pakati podzikonza yokha, sikirini yabuluu, mawu a Chingerezi akuti musazimitse. Ine Chingerezi cha m'phiri ndimachidziwa, ndinawerenga ndithu, koma ndinati makina sangandiuze za mvula ya kwathu. Ndinazula waya kukhoma. Amayi ako anali atapita kukagula mapepala, atabwera anandipeza ndikudzitama kuti ndapulumutsa katundu. Mvula itatha tinayatsa, koma sikirini inangoti bii. Munali mayeso a sukulu ina amene aphunzitsi anatipatsa kuti titayipe, ofunika Lolemba. Amayi ako sanakalipe. Anangokhala pampando n'kunena kuti, "Mwaichotsa pa opaleshoni mimba ili yotsegula." Tinakabwereka makina kwina, ine ndikuwerenga mokweza iwo akutayipa, Loweruka lonse ndi Lamulungu lomwe. Kutchalitchi tinajomba, ndipo abusa atafunsa, amayi ako anati amuna anga ndi amene akudziwa.

Ndikakumbukira masiku awiri amenewo sindikumbukira manyazi ayi. Ndikumbukira iwe utagona pa makatoni a mapepala, ine ndikulakwitsa dala mawu a masamu kuti amayi ako aseke, iwo akuyesetsa kusunga mkwiyo koma ukuwapulumuka. Ndikadapatsidwa mwayi ndikadabwerera komweko lero, bingu ndi zonse. Koma phunziro lake ulisunge. Makina akamadzikonza, asiye amalize, ngakhale ukuchedwa kukalasi. Ubayiretu chaja usanayambe. Batani loyatsira lija usamalikanikize mpaka izime, pokhapokha ngati yauma moti palibe chikuyenda. Kumeneko n'kuigwetsa, si kuigoneka. Useve, utseke, udine pamalo pake, uidikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Cholakwa changa chachitatu ndi chimene chikukhudza iwe kwambiri. Titayamba kugwiritsa ntchito intaneti pashopu, kompyuta inkatulutsa kauthenga kopempha kuti iyakenso, imalize kudzikonza. Ine nditapsa ndi za bingu zija ndinayamba kuopa chilichonse chotchedwa apudeti, kudzikonza kuja. Ndinkangodina poti nthawi ina, nthawi ina, miyezi n'kumapita. Kenaka kunabwera mkulu wina wa geni yodutsa malire, wa ku Milanje, ali ndi fulashi yodzaza nyimbo. Anati, "Patarau, bwana wanga, mungondipulintira kapepala kamodzi basi, ndikuthamangira njinga." Ndinabaya fulashi ija. Pofika madzulo mafayilo athu onse anali atasanduka zigoba, dzina lilipo koma ukatsegula mulibe kanthu. Munali zithunzi za ubatizo wako momwemo, ndipo zina sitinazipezenso. Wokonza makompyuta anatiuza kuti mankhwala otchinga vairasi imeneyo kompyuta inali italandira kale, ankangodikira kuti tiiyatsenso kuti ayambe kugwira ntchito. Ine ndinali nditawatsekera pakhomo.

Tsopano taganiza. Laputopu ya amayi ako sinalowe pa intaneti kuyambira maliro, chifukwa ukudziwa kuti ikalowa idzayamba kudzikonza. Ndiye kuti mipata yonse imene akuba a pa intaneti apeza m'miyezi yonseyi ili chitsegukire. Kunyumba kuno palibe vuto, umangokhala ndi ine ndi nkhuku. Koma kukoleji aphunzitsi adzatumiza ntchito pa intaneti, anzako adzabwera ndi mafulashi oyenda chipinda ndi chipinda, ndipo iwe sukana munthu, unatengera ine. Zichitika ziwiri. Mwina idzalowa vairasi n'kudya zonse za amayi ako, zithunzi, nyimbo ndi makalata. Mwina idzangoganiza yokha zoyakanso iwe uli m'kalasi, osakufunsa, ndipo pobwera udzapeza ikufuna pasiwedi, zonse zili mkati iwe uli kunja. Khadi lija silinasevedwe n'komwe. Kapenanso mawa lomwe, paulendo wautali chonchi, batire likhoza kutha basi ili pakati pa msewu. Chakudza sichiimba ng'oma, mwana wanga, ndipo madzi akatayika saoleka.

Sindikukuopseza. Ndikungofuna uone kuti kuisunga yoyaka sikukuteteza zimene amayi ako anasiya. Kukuziika pangozi tsiku lililonse. Laputopuyi idzazima ndithu, kaya ufune kaya usafune. Chimene chatsala m'manja mwako ndi kusankha ngati idzazima uli wokonzeka, utatulutsa zonse, kapena idzakuzimira pakati pa anthu osakudziwa.

Ndikuuzeko za anganga ako aamuna, bambo anga, amene anamwalira iwe ukukwawa. Tinawoloka malire nthawi ya nkhondo ine ndili mnyamata, titasiya nyumba, mbuzi ndi munda wa chinangwa. Titakhazikika kuno, iwo anapitiriza kugona atavala nsapato, chokhala, msana utatsamira khoma, kathumba kali pambali. Nkhondo inatha, anthu ena anabwerera, ife tinamanga nyumba ya njerwa, iwo nsapato zili kuphazi. Masana ankasinza pothyola tiyi, akapitawo n'kumawakalipira. Amayi anga akawadandaulira, iwo ankati, "Inu simudziwa. Munthu akagona tulo teniteni ndi pamene ankhondo amabwera." Anavula nsapato zija amayi ako atabwera pakhomo pano. Amayi akowo sanawatsutse. Ankangowatengera madzi ofunda m'beseni madzulo aliwonse, n'kunena kuti, "Ababa, mapazi okha tisambitse, mukatero muvalanso." Tsiku lina madzi atazizira anganga ako anali atagona kale pamphasa, mapazi ali pamtunda, akuliza mkonono woti agalu anauwa. Anadzuka dzuwa lili pamutu, ali ndi manyazi, n'kufunsa ngati kuli phala. Sanaiwale kwawo chifukwa chogona. Ndipotu kuyambira pamenepo ndi pamene anayamba kutisimbira za kumudzi kwawo, mitengo ya mango ndi mayina a anzawo, zimene kale sankazitchula.

Iwe Zione sunagone tulo teniteni chimwalirireni amayi ako. Ndimakumva ukudzuka kukaona kanyali kaja. Maso ako alowa, ndipo mayeso unakhoza ndi mphamvu ya ukali chabe, umenenso unatengera ine. Ku Mzuzu maphunziro akafuna mutu wako wonse, sungawapatse theka lina likulondera batire. Zimandipweteka kukuona chonchi, ndipo ndikudziwa kuti amayi ako akadatikalipira tonse awiri, iwe chifukwa chozunza makina, ine chifukwa chokuonerera.

Ndisakunamize kuti ine ndine wolimba. Masana ano ndaitsegula. Ndayang'ana kamzere kaja kakuphethira pakati pa liwu, ndipo ndakhala pamenepo nthawi ndithu, tiyi n'kuzizira. Kenaka ndaseka ndekha. Ukudziwa kuti chinkhoswe cha mwana wa a Namoyo chinachitika ndi makadi a kwina, ndipo banja lake latha kale? Mkazi anabwerera kwawo mwezi watha, mbale anagawana. Ife tikulonderabe khadi lawo ngati chuma cha boma. Amayi ako akadamva zimenezi akadaseka mpaka kugwira nthiti, n'kunena kuti anaona kale kuti mnyamata uja maso ake ndi oyendayenda.

Dzulo ndinapita kwa a Nampuntha, aja okonza makompyuta kuseri kwa siteji, amene ankagwira ntchito ndi amayi ako. Ndinawafotokozera zonse. Anavula magalasi n'kunena kuti, "Achimwene, poti ikadali yotsegula, zonse zikhoza kutuluka. Mwanayo akopere kaye, asasiye kanthu. Zikakhala pafulashi, ndiye adine. Ikakana kumulowetsa mubwere nayo, tiitsuka tiikemo zatsopano, makinawa akadali ndi moyo wautali." Fulashi ndagula, yatsopano, sinalowepo m'makina a munthu. Ili pansi pa kalatayi.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mawa tidzuke, timwe tiyi, tikhale patebulo pano tonse awiri. Minibasi za ku Limbe sizitha, ikatisiya ina tikwera ina, ndipo ngati kuli kofunika upite mkuja, koleji sithawa. Uyambe ndi kujambula sikirini ndi foni yako, momwe ilili, kuti tsiku lina ukafuna kuona pamene amayi ako analekezera uzitha kuona. Khadi lija uliseve, usalimalize, lisiye lolekezera pomwepo. Ukopere zithunzi, nyimbo, makalata, chilichonse, ndipo titsegule pafulashipo tione ndi maso kuti zalowadi. A Nampuntha akatikoperanso pena kuti china chitsale kuno ndi ine. Nyimbo ya kwaya ija tiisiye iyimbe mpaka kumapeto, pakuti yadikira mokwanira. Ukatero utseke mawindo a pasikirini aja limodzilimodzi, mosathamanga. Ukafuna kulira ulire, inenso mwina ndikuthandiza. Kenaka udine risitati.

Sindikudziwa chimene chidzachitike ikayakanso, ndipo sindikulonjeza zimene sindingathe. Tidzayesa mawu angapo amene tikuwaganizira, koma amayi ako ndikuwadziwa, sanali munthu woika tsiku lobadwa la mwana pa chitseko. Ndiye konzeka kuti idzatikana. Chithunzi chawo chaching'ono chidzaoneka pamwamba pa kabokosi kopanda kanthu, ndipo sitidzatha kulowa. Pamenepo padzawawa, ndikudziwa. Koma zonse zawo zidzakhala zili m'dzanja lako, ndipo tidzanyamuka kupita kwa a Nampuntha ine nditasenza sutikesi, pakuti kusenza ndiye ntchito yanga.

Ukakafika uko, kumbukira zimene ndakuuzazi. Kamodzi pa sabata uziiyatsanso. Ikapempha kudzikonza usamaiuze kuti nthawi ina. Ikayamba, usaidule pakati. Fulashi ya mnzako iziyamba yapimidwa isanatsegulidwe, ngakhale mnzakoyo akhale wa pemphero. Pasiwedi yako ikhale yako, usapatse mnyamata aliyense ngakhale atakulonjeza phiri lonse la Mulanje ndi mitengo yake. Koma uilembe pakapepala, uike mu envelopu, umate, undipatse ndisunge pamodzi ndi makadi a kuchipatala. Sindidzatsegula. Pakhomo pano taphunzira kuti munthu amatha kunena kuti amaliza mawa.

Ndipo iwenso uzigona. Uzidya. Kukazizira uzivala juzi, a kumeneko akuti chisanu chake chimaposa chiperoni chathu. Uziimba foni Lamulungu, osati kundifunsa za magetsi, koma kundiuza zimene waphunzira, ngakhale ndisamve.

Pali chinthu chimodzi chimene a Nampuntha anandiuza ndikutuluka. Akamaliza kuitsuka, laputopu ikayaka koyamba imafunsa kuti mwini wake ndi ndani, ndipo sipitirira mpaka wina ayankhe. Anandifunsa kuti adzalembe dzina liti. Ndinawauza kuti asadzalembe kanthu, adzangotembenuzira makinawo kwa iwe. Ndikudziwa dzina limene zala zako zidzafune kulemba. Ine ndidzakhala nditaima kumbuyo kwako, ndipo ndikukupempha, mwana wanga, udzalembe lako.

Ndine amene ndidzakhale pambali pako m'mawa,

Bambo ako.